Tsamba la Zikhomo

Turffontein, ku Joni
4 Malichi 2024

Okondedwa Achimwene a Herbert,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Zipora ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti agogo achizungu amene ndimawasamalawa ayamba kuiwala zinthu. Dzulo anandiitana dzina la galu wawo amene anafa kalekale, ine n'kuyankha. Kalatayi ndapatsira a Enerst oyendetsa katundu, poti mukudziwa zimene Abambo ankanena, kuti mawu a pa foni amapita ndi mphepo.

Nkhani ndi iyi. Ndamva kuti ku Lilongwe kwatsegulidwa malo otchedwa Nkhokwe ya Zakale. Ndi chipinda cha mu laibulale ina, kumene akusonkhanitsa mapepala, zithunzi ndi zinthu za midzi imene inasamutsidwa pomanga likulu. Nditangomva ndinakumbukira makope a Abambo, khumi ndi anayi aja ali m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi lawo. Mukukumbukira mmene ankanyamukira Loweruka lililonse pa njinga, kope lili m'thumba la jekete, ulendo wa ku Chinsapo, ku Mgona, ku Kawale, mpaka ku Mitundu, kusakasaka anthu a kwa Kaphwiti kulikonse kumene anamwazikira? Ife tinkaseka kuti munthu wamkulu akutha matayala chifukwa cha mudzi woti kulibe. Koma mmenemo muli nyumba iliyonse ndi mwini wake, mbumba zonse, zitsime, nyimbo, ndi mayina a onse amene anagona kumanda kwathu malo aja asanasalazidwe.

Ndinaimbira mayi woyang'anira malowo, a Angella Salama. Anasangalala zedi. Akuti za mudzi umenewu alibe ngakhale pepala limodzi, ndipo adzabwera okha ku Area 25 pa 25 Meyi kudzatenga makopewo. Ndawapatsa nambala yanu.

Achimwene, pa maliro a Abambo sindinabwere chifukwa cha mapepala angawa, ndipo zimandidya mpaka lero. Ali m'chipatala anandiuza pa foni kuti, "Maness, mayina aja asafe kawiri." Mawu amenewo okha ndiwo sanapite ndi mphepo. Ichi ndi chokhacho chimene ndingawachitire, ndiye chonde tulutsani bokosilo mulione ngati lili bwino.

Ndine mlongo wanu,
Maness


Area 25, Lilongwe
20 Malichi 2024

Mlongo wanga Maness,

Moni wa kuno. Tonse tadzuka bwino, kupatula maso angawa amene ayamba kundichitira mwano ndikamachonga ntchito za ana. Ukapeza magalasi owerengera kumeneko undikumbukire. Za galu uja wandiseketsa. Bola akukuitana, ena kuno saitanidwa n'komwe.

Bokosi ndalitsegula, ndipo ndinagwira pakamwa. Makoswe analowamo kalekale, mphemvu zinamanga mudzi wawo, ndipo chaka chija denga linkadontha madzi anafika. Masamba ena anamatana, ena ali ndi zipsera za tiyi. Nanga zilembo? Usaiwale kuti Abambo sukulu analekera Sitandade 3. Mzere ukayamba bwinobwino kumanzere umakathera kumwamba, apa bolopeni yofiira, apa pensulo, m'mbali alembamo mankhwala a chifuwa. Ine ndaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zinayi, masatifiketi a ukwati a ku mpingo kwathu ndimalemba ndine. Ndiye mayi wophunzira achoke ku ofesi adzalandire zinthu zonunkha mkodzo wa khoswe m'nyumba mwanga? Amayi ankatikwapula tikapatsa mlendo madzi m'kapu yothimbirira, iwe ukudziwa bwino poti unkakwapulidwa kwambiri ndiwe.

Mayi Salama andiimbira. Ndi munthu waulemu zedi. Akuti, "Musavutike kukonza chilichonse, bambo, tidzawatenga mmene alili." Ndinangoti zikomo. Mlendo aliyense amati musavutike, koma nkhuku imafabe.

Ndiye usadandaule, ndiwakonza. Ndili ndi miyezi iwiri, ndipo pofika tsikulo dzina la Gwanda lidzatuluka m'nyumba muno litasamba. Ndawerengako pang'ono. Muli zinthu zambiri zimene sindinkazidziwa, zina zabwino, zina ayi. Tidzakamba.

Amake Promise akupereka moni.

Ndine mlongo wako,
H. Y. Gwanda


Turffontein
9 Epulo 2024

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Magalasi ali m'phukusimu, ndakulungira m'masokosi a Promise. Mukaona anthu awiriawiri musanene ine, ndangoyerekeza.

Ndathokoza kuti mukuwakonza makopewo. Ndikukuonani m'maganizo muli pakhonde, mukupukuta fumbi ndi kuwakutira mapepala a khaki monga munkachitira ndi mabuku athu a kusukulu. Koma musapitirire pamenepo. Mayi Salama anandiuza kuti ngakhale selotepi musamatepo, tsamba lomatana musalikakamize, iwo ali ndi njira zawo. Akuti chimene akufuna ndi dzanja la mwini wake, zipsera za tiyizo ndi zonse.

Ndili ndi pempho. Mundijambulire tsamba limodzi lokha pa foni ya alamu, lililonse, ndione zilembo za Abambo. Mzere wokwera phiri uja ndaulakalaka.

Maness


Turffontein
16 Juni 2024

Achimwene,

Kodi kwagwanji kumeneko? Pa 25 Meyi panadutsa kalekale. Foni yanu ikaitana simuyankha, ya alamu imangoti sakupezeka. Ndinaimbira Mayi Salama, iwo anangoti, "Kambiranani ndi achimwene anu, si ine woyenera kunena." Kodi mwadwala? Kodi makopewo anawakana? Ngati anawakana ndiuzeni, sindifa nazo. Chithunzi chija ndikudikirabe.

Maness


Area 25
30 Juni 2024

Alamu anga a Maness,

Moni. Ana ali bwino, geni ikuyenda mwa apo ndi apo. Musadabwe ndi zilembozi, ine si aphunzitsi. Ndalemba ine chifukwa achimwene anu cholembera chawakanika. Makalata anu onse awiri ali pa tebulo, amangowatembenuza basi. Ya Epulo ija inafika pa 28 Meyi alendo atapita kale, akuti galimoto ya a Enerst inafera ku Tete. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, ndiye ndilankhule ine poti m'mbunamo tilimo awiri.

Kukonza kumene ankanena kuja sikunali kupukuta fumbi. Anagula mabuku atatu akuluakulu a chikuto cholimba, n'kuyamba kukopera zonse. Akaweruka kusukulu, pansi pa mango, rula m'manja, mizere yofiira m'mbali, mpaka dzuwa kulowa. Kope lililonse akamaliza ankandipatsira n'kuti, "Amake Promise, ili latha ntchito." Alamu, mukudziwa mapepala okulungira mmene akusowera masiku ano. Zitumbuwa zanga zonse za Epulo ndi Meyi ku msika wa Nsungwi zinapita zitakulungidwa m'mayina a anthu a kwa Kaphwiti. Masamba omatana aja ndi zikuto ndinkayatsira mbaula. Sindinawerenge olo mzere umodzi. Ndinkangoyamikira kuti pepala lakale limamwa bwino mafuta.

Tsikulo tinasesa mpaka kumsewu, tinabwereka mipando, nkhuku inafa. Tinakatenganso azakhali a Rozina ku Mgona, alongo awo a malemu apongozi, kuti adzaone ulemu wa m'bale wawo. Mayi Salama anafika ndi makatoni awo n'kuvala magolovesi oyera ngati akukalandira khanda. Achimwene anu anatulutsa mabuku atatu aja pa thireyi, atavindikira ndi kansalu koluka.

Mayiwo anatsegula n'kuti, "Zilembo zokongola bwanji! Nanga enieniwo ali kuti, bambo?"

"Enieni ake ndi amenewa, mayi. Akale aja anali auve, anatha ntchito."

"Anatha ntchito bwanji?"

Achimwene anu anayang'ana ine. Ndinaulula za zitumbuwa ndi mbaula ndili chogwada pakhomo, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Mayi aja anavula magolovesi chala chimodzichimodzi, kenako anapempha kuti ndiwaonetse kudzala. Munthu wovala bwino, nsapato zazitali, anatola kamtengo n'kumafukula phulusa langa, aneba akusuzumira pa mpanda. Anapeza timawaya tomangira makope basi. Sanatikalipire olo pang'ono, ndipo bola akanatitukwana.

Titabwerera m'nyumba Mayi Salama anati, "Chabwino, tiwerengereniko poyambira, azakhali amve." Achimwene anu anavala magalasi obwereka n'kuyamba: "Mudzi wa Kaphwiti unali pakati pa madambo awiri."

Azakhali anagogoda ndodo pansi. "Ima kaye. Wayamba choncho ndani? Yona sankayamba ndi madambo. Zikhomo zili kuti?"

"Munalibe zimenezo, azakhali."

Azakhali anaimirira ndi ndodo yawo. Kenako anati tiwaperekeze ku siteji ya minibasi, nkhuku osailawa. Mayi Salama mabuku atatu aja anawasiya, akuti aganize kaye.

Kuyambira tsiku limenelo achimwene anu kumpingo amakhala kumbuyo, kudya amangotola. Ine zitumbuwa ndasiya, ndikugulitsa tomato, chifukwa pepala lokulungira sindifunanso kuligwira. Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, koma pepani alamu. Apongozi anga ankandikonda, ankanditchula mwana wawo. Nanga zikhomozo n'chiyani, inu mukudziwa? Ndikafunsa kuno amangotuluka panja.

Ndine mlamu wanu,
Zipora


Turffontein
14 Julayi 2024

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa tinaleredwa choncho. Kalata ya alamu ndaiwerenga katatu, kachitatu ndili m'bafa kuti abwana asandimve.

Zaka makumi atatu Abambo akupalasa njinga, inu mwazimaliza m'miyezi iwiri. Makoswe anayesetsa zaka zonsezi koma anasiyako. Madzi a denga anasiyako. Anamaliza ndi mwana wawo wophunzira, wa rula ndi bolopeni yofiira. Munachita manyazi ndi chiyani? Ndi Sitandade 3 imene inakulipirirani sukulu ya uphunzitsi? Alamu musawadzudzule ngakhale pang'ono, iwo anapatsidwa ndi mwini nyumba.

Ndalemba zimenezi ndipo sindizifufuta, koma nanenso ndilibe pothawira. Abambo anandilembera makalata zaka zisanu ndi zinayi. Ambiri sindinawayankhe, ndinkati ndiimba foni. Ndinkawasunga m'chikwama, ndipo chikwamacho ndinachisiya m'chipinda chimene ndinathawamo nthawi ija ya zipolowe zothamangitsa alendo kuno. Ndinatenga mapoto ndi bulangete, makalata n'kusiya. N'chifukwa chake ndinapempha chithunzi chija. Ndilibe ngakhale chilembo chimodzi cha dzanja lawo, ndipo ndinkadalira bokosi lija.

Tsopano ndiyankheni inuyo, osati alamu. Azakhali sanasokonezeke mutu. Zikhomo n'chiyani, ndipo munachotsa chiyani?

Maness


Area 25
3 Ogasiti 2024

Mlongo wanga Maness,

Moni. Tili moyo. Zonse walemba ndazilandira, palibe chimene wanama.

Azakhali ndinawanamiza pamaso pa mlendo. Tsamba la zikhomo linalipo. Linali loyamba m'kope loyamba, ndipo ndinaliwerenga tsiku lomwe ndinatsegula bokosi. Ndikukopera pano mmene lilili, ulendo uno osakonza kanthu:

"Ine Yona Gwanda wa kwa Kaphwiti ndine ndidakhoma zikhomo. Chaka cha 1972 anthu opima malo adafuna munthu wodziwa njira. Ndidadzipereka ndekha chifukwa adati kuli ntchito ndi nsapato. Ndidawayendetsa mudzi wonse. Pomwe iwo aloza ine ndikhoma. China ndidakhoma pabwalo pa amayi anga iwo akusinja. China kumanda pafupi ndi mng'ono wanga Pemphani. Anthu adandifunsa kuti Yona timitengo tofiirati n'tachiyani. Ndidati n'ta msewu chabe nyumba sizikhudzidwa. Ndidadziwa kuti ndikunama. Mudzi ukadasamuka ngakhale popanda ine koma nyundo idali m'dzanja langa ndipo bodza lidali m'kamwa mwanga. Ndikulemba mayina awa kuti ndibweze chomwe ndingathe. Wowerenga makope awa ayambe pano asadumphe."

Maness, ine ndinakula ndikuuza ana m'kalasi kuti bambo anga ndi amene anasunga mbiri ya mudzi wathu. Nditawerenga izi ndinaona m'maganizo anthu a ku mpingo, aphunzitsi anzanga, ana a sukulu, atayima mu laibulale akuwerenga kuti a Gwanda anagulitsa kwawo ndi nsapato. Ndinatenga lezala n'kulidula tsambalo bwinobwino. Ndinena zoona: uve wa makope unandinyansa ndithu, koma chimene chinandigulitsa mabuku atatu aja ndi tsamba limeneli. Kope lodulidwa limaoneka, buku latsopano silioneka. Ndipo dzanja likazolowera kuchotsa silisiya. Nyimbo za gule ndinazidumpha poti ndine mkulu wa mpingo. Pamene analemba kuti uje anali ndi akazi atatu ndinalemba mmodzi yekha. Ndinkati ndikuwasambitsa.

Kuliwotcha ndinalephera. Ndinaliika kuseri kwa chithunzi chawo cha pa khoma, mkati mwa felemu. Tsiku lonse lija Mayi Salama akufukula phulusa, tsambalo linali pa balaza, pamwamba pa mpando umene anakhalapo, ine ndili chete.

Ndiye ndi zimenezo. Pa makope khumi ndi anayi, chotsala cha dzanja la Abambo ndi tsamba limodzi, lomwe lija ndinkalibisa. Mayi Salama anaimba sabata yatha. Akuti mabuku anga angawalandire, koma adzalembapo kuti ndi zokopera za Herbert Gwanda, ndipo popanda kanthu ka mwini wake anthu ofufuza sadzadziwa ngati Yona Gwanda analembadi kapena ndangopeka ine. Anafunsa ngati sipanatsale ngakhale kachidutswa. Ndinati ndifufuza.

Ndichite chiyani, mlongo wanga? Ndikapereka, dzina la Abambo lidzakhala pa mbalambanda mpaka kalekale. Ndikabisa, ntchito yawo yonse isanduka nthano ya mphunzitsi. Magalasi aja akundikwana bwino, sindinathokoze.

Herbert


Turffontein
18 Ogasiti 2024

Achimwene,

Ndalira, koma ndili bwino. Pemphani ameneyo sindinamumvepo n'kamodzi komwe. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake Abambo sankalola kuguliridwa nsapato, mpaka zija ndinatumiza pa Khirisimasi anapatsa mlonda wa ku tchalitchi.

Ndaganiza njira. Nditumizireni ine tsambalo. Muliike pakati pa makatoni awiri, mupatse a Enerst m'manja. Kuno palibe wa ku mpingo kwanu amene adzaliwerenge, ndipo ine ndidzakhala ndi kanthu ka Abambo. Inu mupuma, ine ndipuma. Mayi Salama muwauze kuti simunapeze kanthu, alandire mabuku anuwo mmene angathere.

Ndikudziwa kuti si zimene ndinayambira nkhaniyi. Musandikumbutse. Ndangotopa kukhala mwana wopanda chogwira.

Maness


Area 25
7 Seputembala 2024

Mlongo wanga Maness,

Moni. Tonse tili bwino, amake Promise ayambiranso zitumbuwa, akukulungira m'masamba a nthochi. Usakhuthule envulopuyi kufuna china, muli kalata yokhayi ndi chithunzi.

Ndinachita monga unanenera. Makatoni ndinadula, tsamba ndinaika pakati, ndinamanga. Koma a Enerst ankanyamuka Lolemba, ndiye Loweruka ndinati ndipite ku Mgona ndikapepese azakhali chifukwa cha bodza lija. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Mpando sanandipatse. Ndinakhala pa njerwa n'kuwauza zonse, mpaka za kutumiza tsambalo ku Joni kuti anthu asadziwe.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu ake ati asadziwe? Iwe Herbert, ukuyesa anthu a kwa Kaphwiti ankangomupatsa Yona mayina a akufa awo ngati mtedza? Poyamba ankamuthamangitsa. Kwa Masiye ku Chinsapo anamuthira madzi otsukira mbale. Ine mlongo wake ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi osamulankhula. Ndiye analemba tsamba limenelo. Akafika pakhomo ankayima pabwalo, chipewa m'manja, n'kuliwerenga mokweza. Akamaliza m'pamene ankamuyalira mphasa. Khomo lililonse, zaka zonse zija. Chinsinsi chakocho chinawerengedwa kuyambira ku Kawale mpaka ku Mitundu. Osadziwa munali inu awiri basi, chifukwa pa ana ake pokha ndi pamene mtima unkamulephera."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanatiuze iwowo. Anati, "Anakusiyira m'bokosi, tsamba loyamba. Unafuna achite kukuwerengera ali m'manda?"

Lolemba sindinapite kwa a Enerst. Ndinakwera minibasi ya m'tauni. Ndikhululukire, Maness, ndakulanda chinthu chokhacho chimene unandipempha. Koma Abambo analemba kuti wowerenga ayambe pamenepo, ndipo ine ndinadumpha kale kamodzi.

Mayi Salama anavalanso magolovesi aja. Anawerenga ali chiimire, kawiri. Analiika m'chikwatu cha pepala lolimba, n'kulemba pamwamba kuti Yona Gwanda, wa kwa Kaphwiti, dzanja lake. Mabuku anga atatu aikidwa pambuyo pake. Chithunzi ndakutumizirachi anajambula okha ndi makina awo, uona ngakhale chipsera cha tiyi pakona. Azakhali avomera kuti awajambule mawu akuimba nyimbo zimene ndinadumpha, zomwe akuzikumbukira. Akuti zina zinapita basi, ndipo akazi ena amene ndinawasiya palibenso wowadziwa mayina.

Ndisanatuluke mayiwo anandipatsa pepala loyera. Akuti aliyense wodzawerenga ayenera kudziwa kumene makope enieni anapita ndi zimene zinachotsedwa pokopera, ndipo woyenera kulemba ndi amene anachita. Ndinakhala pa tebulo lawo ola lathunthu. Ndinayesa kuyamba ndi makoswe, ndinayesa kuyamba ndi denga lodontha. Pomaliza ndinapeza kuti mayambidwe ake ndi amodzi okha, ndipo anali pa tebulo pomwepo. Ndinalemba kuti: "Ine Herbert Gwanda mwana wa Yona ndine ndinawononga makope."

Ukadzabwera udzapite ukapemphe chikwatu cha kwa Kaphwiti. Adzakupatsa magolovesi, ndipo udzaligwira ndi manja ako. Muli masamba awiri. Lothimbirira, la mizere yokwera phiri, ndi la Abambo, uyambe limenelo. La zilembo zokongola ndi langa.

Ndine mlongo wako,
Herbert